Ine, Apongozi ndi Makoma a pa Linga

Apongozi anga atakhala nafe masabata asanu ku Leicester, anauza mkazi wanga kuti awasinthire tikiti ya ndege, abwerere kumudzi. Anabwera kuti adzakhale miyezi isanu, adzalandire mdzukulu wawo woyamba, ndipo apa n'kuti kutatsala miyezi iwiri yokha kuti mkazi wanga achire. Chifukwa chake sananene. Anangoti mlendo ndi mame, kuona aona, basi kwatha.

Mkazi wanga anakalirira m'bafa, atatsegula mpopi kuti mayi ake asamve. Atatuluka, mlandu wonse unagwera ine.

"Ndi iweyo," anatero monong'ona, atalumira mano. "Amayi akukhala ngati ali pa rimandi m'nyumba muno chifukwa cha iwe. Ku shifiti umasambitsa agogo a eni ake tsiku lonse, koma apongozi ako umawapatsa moni ukuyang'ana firiji."

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Oadby, ndipo manja angawa anyamula, asambitsa ndi kuveka amayi achikulire osawerengeka. Koma mwambowu sindinauyambitse ndine. Kwawo kwa mkazi wanga, kumapiri a ku Dedza, mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Tsiku limene tinakawalandira kubwalo la ndege ine ndinatambasula dzanja ngati munthu wa m'tauni, iwo anangotembenukira kumbali, nawomba m'manja pang'onopang'ono. Dzanja langa linabwerera m'thumba lili ndi manyazi, ndipo phunzirolo ndinalimva.

Kumudzi mwambowu ngosavuta, poti tchire lopatukira ndi lambiri. Nyumba yathu ili ndi masitepe amodzi, opanikiza moti ukanyamula dengu la zovala umakwera chammbali, ndipo chimbudzi n'chimodzi, chili pamwamba. Ndinaphunzira kutsokomola ndisanakwere. Iwo anaphunzira kumenyetsa chitseko asanatsike. Tsiku limene sindikupita ku ntchito ankadzitsekera m'chipinda kuyambira m'mawa mpaka mwana wawo aweruke kuchipatala, ndipo ine ndinkakhala pansi ndikumva mapazi awo pamwamba pa mutu wanga, akuyenda uku ndi uku. Choncho nanenso ndinakhulupirira kuti akuthawa ine.

Maganizo opita kunyanja anali a mkazi wanga. Mnzake wina wa ku Corby anamuuza za linga lakale la asilikali kugombe la kum'mawa, limene analisandutsa malo oti aliyense azikapumulirako. "Amayi sanaonepo nyanja yamchere," anatero. "Mwina akapitidwa mphepo mtima ukhala pansi." Ndinavomera msanga, poti ndinali wolakwa kale, komanso mawu oti linga anandikoka. Linga limene ndinkalidziwa ndi la pachithunzi cha m'buku la kusukulu, la mitengo yosongoka. Ndinkafuna kuona kuti anthu amene anayenda ndi mfuti mpaka kukafika kwathu, kwawo kuno ankabisala motani.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Apongozi anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, ine ndinapendeketsa kagalasi ka m'galimoto kuti maso athu asagundane. Ulendo wa maola atatu, mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga.

"Afunseni amayi ngati hita ikuwafika."

"Amayi, akuti hita ikukufikani?"

"Uwauze bambowo kuti ikufika, zikomo."

"Akuti ikufika."

"Ndamva."

Zonsezi m'kagalimoto koti mmodzi akayetsemula aliyense anyowa. Koma apongozi sanagone njira yonse. Anafunsa mwana wawo kuti minda yonseyi eni ake ali kuti, poti tayenda mtunda wonsewu osaona ngakhale munthu mmodzi atawerama ndi khasu. Anafunsanso ngati nkhosa zimenezi amazisiya panja chonchi mpaka kucha, afisi kulibe kodi. Mayankho ena ndinali nawo, ndipo ankandiyabwa pakamwa, koma ndinawameza ndi kuyang'ana msewu.

Linga lija silinali monga ndinkaganizira. Ndinkayembekeza chinyumba chachitali, koma ndinapeza chinthu chachifupi, chonyonyomala m'nthaka, padenga pake patamera kapinga. Makoma ake a njerwa anali okhuthala moti pazenera munthu ukhoza kugonapo chotambalala. Kuzungulira kunali ngalande yaikulu youma, mmene ana ankaseweramo mpira. Mizinga yakuda inaloza kunyanja, ndipo pa umodzi panakwera kamtsikana kakunyambita ayisikilimu. Agalu anali ponseponse, ena ovala majekete abwino kuposa langa. Ndinaima ndi kudabwa. Anthu anamanga malo ano ndi mantha, akugona khutu lili kunyanja, ndipo lero zidzukulu zawo zimabwera kudzadyerapo tchipisi.

Nyanja apongozi anaiyang'ana nthawi yochepa. Inali yotuwa, mphepo ikuiwindula. "Ndi imeneyi?" anafunsa mwana wawo. "Madzi ake ngati otsukira mbale." Chimene chinawagwira mtima ndi khoma. Analigogoda ndi chala, nayang'anitsitsa mmene njerwa anazilumikizira, poti malemu amuna awo anali mmisiri womanga nyumba.

Titangolowa pachipata, mkazi wanga anakhala pampando pa kanyumba kogulitsa tiyi, navula nsapato. Mapazi akuti atupa. "Pitani awiri, ine ndikudikirani pano."

Ndinamuweramira. "Ukupanga dala iwe," ndinanong'ona.

"Ndiye ndiwabereke? Inu tsogolani, iwo azibwera pambuyo. Sakulumani." Pamaso pa mayi ake ankanditchula kuti inu, koma diso limene anandiponyera linalibe ulemu ngakhale pang'ono. Mpaka lero amakana kuti sanachite dala, ndipo mpaka lero sindimukhulupirira.

Ndinatsogola, iwo pambuyo, pakati pathu mpata woti ngolo n'kudutsa. Pa mzinga woyamba panali chikwangwani, ndipo ndinayamba kuwerenga chamumtima. Kenaka ndinamva mawu kumbuyo kwanga, osalankhula ndi ine ayi, olankhula ndi mzingawo.

"Kaya chinthuchi chinapha anthu angati."

Kenaka nanenso ndinayang'ana chikwangwani, ndi kuchiuza kuti: "Apa alemba kuti mzingawu sunaombepo mdani ngakhale kamodzi. Adaniwo sanabwere n'komwe."

"Ee! Njerwa zonsezi, kudikira mlendo woti sanalonjeze."

Umo ndi mmene tinapezera njira. Iwo ankafunsa khoma, ine ndinkayankha chitseko, ndipo palibe mwambo umene unasweka. Mafunso anali nawo ambiri, koma osati a mfuti. Anthuwa ankatunga kuti madzi, poti awa ngamchere? Nkhuni ankazitola kuti, kopanda mitengo kuno? Zovala ankayanika pati ndi mphepo yotereyi? Akazi awo ankakhala kuti? Zikwangwani zinkangokamba za kulemera kwa zipolopolo ndi mtunda umene zinkafika. Ine amene ndinabwera ndi chidwi cha nkhondo ndinayamba kuona kuti mafunso enieni ndi awowa. Poti safunsa anadya phula, ndinakaima pamaso pa mayi wina wachizungu wachikulire wovala baji, mmodzi wa anthu odzipereka kuonetsa alendo malowa.

Mayiyo anasangalala kwambiri. Anati anthu ambiri amangofunsa za mizinga. Anatitengera pakona ina ya bwalo, natisonyeza chivundikiro chachitsulo pansi: madzi a mvula ochokera padenga ankatsikira m'chitsime chomangidwa pansi pamenepo. Anatisonyezanso uvuni wophikira buledi, womangidwa m'khoma momwemo. Apongozi anawerama, nalowetsa mkono wonse mpaka paphewa, naununkhiza, kenaka anauza uvuniwo kuti amene anaumanga ankadziwa ntchito koma amene ankausesa anali waulesi.

Pomaliza mayiyo anatilowetsa m'chipinda chachitali cha denga lokhota, mmene asilikali ankagona. Pa njerwa zina panali zilembo ndi timizere tokanda ndi msomali, ntchito ya anthu osowa chochita. Anati asilikali ochepa okha ndiwo ankaloledwa kukhala ndi akazi awo, ndipo banja lotero linkagona pakona ya chipinda chomwecho, atangotchinga ndi bulangete. Ndinafotokozera khoma zonsezi m'Chichewa.

"Bulangete lokha?" apongozi anafunsa denga. "Amuna onsewo ali pomwepa?" Anayang'ana pakonapo. "Nanga apongozi akabwera kudzacheza, ankapatukira kuti?"

Ndinaseka ndisanaganize, kuseka kochokera m'mimba, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva nawonso akuseka atatseka pakamwa ndi mpango. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja ndi mwana wawo, sindinkadziwa kuti mayiwa ali ndi nthabwala.

Pansi pa linga panali mosungira wonga. Mumalowa potsika masitepe a miyala, n'kuyenda m'kanjira kamdima kozizira, kopanikiza kuposa masitepe a kunyumba kwathu. Pakhomo pake chikwangwani chinati asilikali ankavula nsapato zawo za misomali asanalowe, kuopa kuti msomali ungakhule mwala n'kutulutsa moto. Ine ndinangofupikitsa, ndi kuuza chitseko kuti muno ankalowa atavula nsapato. Nditafika pansi ndinazindikira kuti kumbuyo kwanga sikukumvekanso kugogoda. Ndinasuzumira chammbali. Apongozi anali kutsika ndi masokosi okha, nsapato zili m'manja, mwaulemu wonse. Kumbuyo kwawo bambo wina wachizungu ndi mkazi wake anaima pakhomo akuyang'anana, ndipo bamboyo n'kuti atayamba kale kumasula zingwe. Sindinakonze kanthu. Tinazungulira mosungira wongamo anthu anayi, wovala nsapato ndili ndekha, ndipo wooneka wopanda mwambo ndinali ine.

Titatuluka tinakwera pamwamba pa khoma, pamene pali kanjira koyang'ana kunyanja. Masitepe ake anali ambiri, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kukukula, kupuma kumene ndimakudziwa ku ntchito ndipo sindikukonda. Ndinachepetsa liwiro, ndikunamizira kuyang'ana mbalame. Pamwamba panali mabenchi ondandalika, ndipo ndinauza mphepo kuti munthu wotopa akhoza kupumira apa.

Anafika pa benchi yoyamba, nagwira chotsamira, koma sanakhale. Pa thabwa panali kachitsulo konyezimira kolembedwa. Chizungu sawerenga, koma dzina la munthu ndi zaka ziwiri zokhala ndi kamzere pakati, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Anachotsa dzanja msanga, nabwerera m'mbuyo, nawomba m'manja pang'ono. Benchi yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali ndi maluwa omangirira ndi kansalu. Pa yachinayi panakhala bambo wina akudya tchipisi, galu wake atagona kunsi kwake.

"Anthu a kuno," anauza nyanja, mawu akudukaduka, "amadyera pamanda?"

"Si manda ayi," nanenso ndinauza nyanja. Apa m'pamene pakamwa panandipitirira. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, poti agogo angapo amene ndinawasamalira ndinawaperekezanso, ndiye ndinafotokoza monyadira ngati mphunzitsi. Ndinati pansi pa benchi palibe munthu. Ambiri kuno akamwalira amawatentha, achibale n'kulandira phulusa m'kamtsuko. Ena amadzaliwaza panyanja ngati pano, kenaka n'kuika benchi pamalo pamene malemuyo ankakonda kukhala.

Kumbuyo kunangoti zii. Nditadikira ndithu, ndinacheuka pang'ono. Anali atakhala pansi pa kapinga wonyowa, atatambalala, msana utatsamira khoma. Ndipo sankayang'ana nyanja kapena khoma. Ankayang'ana ine, kumaso.

"Bambo, bwerani mukhale apa."

Ndinanyonyomala chapatali.

"Ndati apa."

Ndinakhala pambali pawo, thalauza likunyowa. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo ndi omwe aja a mkazi wanga. Ndinachita mantha, sindinama.

"Zotenthazo ndinazimva kale, sabata yachiwiri nditafika," anatero. "Anandiuza mayi wina wa ku Zambia kutchalitchi kwanu kuja. Ndimati mwina akungocheza, koma lero mwanena ndinu." Anapuma kaye. "Ine ndimadwala mtima. Adokotala kwathu anati watupa. Mapilitsi ndimabisa m'sokosi, m'chikwama, chifukwa mwana wangayo ndi nesi, akangowaona adziwa. Munthu wa pakati sauzidwa zotere. Tsopano atsala a masabata awiri."

Anazula kapinga pang'ono, namutaya.

"Pafupi ndi bambo ake a mwanayu anandisiyira malo. Mayi anga ali pomwepo, ana anga awiri ali pomwepo. Ndiye ndimakhala m'chipinda chija ndikuganiza kuti ndikagwa kuno, ndidzafika kwathu m'kamtsuko? Kuli bwino ndipite ndi miyendo yanga."

Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Masabata onsewa ndinkayesa kuti nkhani ndi ine, ndi masitepe anga ndi chifuwa changa chonamizira, chonsecho m'nkhaniyi sindinalimo n'komwe. Munthu ankaopa kufera kwa eni, ndipo ine, amene ntchito yanga ndi kuzindikira wokalamba akayamba kudwala, ndinkangokhala pansi n'kumakweza wailesi.

Ndinayamba kulankhula zambirimbiri. Ndinati kutentha si lamulo, banja limasankha lokha. Ndinati Amalawi kuno tili ndi gulu, wina akatisiya timagwirana manja, thupi limakwera ndege mpaka ku Lilongwe. Ndinati mankhwala a mtima kuno aliko, madokotala aliko, palibe chifukwa choganizira zoipa.

Anakweza dzanja. "Sindikufunsa gulu. Gulu silinakwatire mwana wanga. Ndikufunsa inu."

Sitima yaikulu yonyamula katundu inkadutsa pang'onopang'ono, ndipo ndinaiyang'ana kufuna kuti ndiiuze yankho langa. Kenaka ndinabweza maso kwa iwo.

"Amayi, zikadzachitika muli kuno, ndidzakuperekezani ndekha. Ndidzakwera nanu ndege, ndidzafika nanu pamudzi, ndipo sindidzachoka pamanda mpaka dothi lomaliza litaponyedwa. Palibe adzakuyatseni moto ine ndili moyo."

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, osaphethira. Kenaka anagwedeza mutu. "Tikitiyo isiyeni mmene ilili."

"Koma mapilitsiwo mwana wanu awaone lero," ndinatero.

"Ha! Mwangoyamba kulankhula lero lomwe, mwayamba kale makani? Adzawaona akachira."

"Lero, amayi. Masabata awiri si kanthu. Ndikufuna mdzukulu wanu mudzamubereke kumsana, osati ine kunyamula bokosi."

Anatsonya pang'ono, nayang'ana pansi kumene kunali kanyumba ka tiyi kaja. Bambo wa tchipisi uja ananyamuka ndi galu wake.

"Ndiye mukanene ndinu. Ine pakamwa panga sipangathe. Ndikhala pomwepo."

Tinatsika pang'onopang'ono, masitepe atatu n'kupuma, ine kutsogolo, iwo atagwira phewa langa. Mkazi wanga anationa tikadali patali. Anaimirira, mapazi otupa aja ataiwalika, dzanja lina pamimba lina pakamwa. Chibwerere mayi ake ndinali ndisanamuone akusangalala chotero.

"Mwaona chiyani kumeneko?" anafunsa, akuyang'ana ine, akuyang'ana iwo.

"Njerwa," anatero apongozi, nakhala pampando. "Zomanga bwino. Za tikiti zija uzisiye."

Mkazi wanga anandigwira dzanja kunsi kwa tebulo, nalifinya kawiri, kundiuza kuti waona, nzeru zanga zagwira. Anaitanitsa tiyi wa ife awiri ndi makeke atatu, akuseka ndi mtsikana wogulitsa, misozi ili m'maso. Apongozi anapinda manja pamiyendo, nandiyang'ana, nadikira. M'kapu ya mkazi wanga munali mukadali tiyi theka, ndipo ndinamusiya kuti amalize kaye.